Nthabwala za Malemu Iosua

Mutu 4

1. Nkhope ya pakhoma

Fuatino anawapeza bambo ake atamatidwa pakhoma la golosale, pakati pa chidziwitso cha katemera wa agalu ndi cha mpira wa ragibi.

Anali atatumidwa shuga ndi sopo basi. Iye ndi mayi ake anali atatha masiku asanu ali pa tchuthi ku Samoa, dzuwa likuswa mtengo, phula likuotcha mpaka kupyola mapatapata. Chipepalacho chinali cha hotela ya kugombe. Chinkati Lachinayi lililonse kuli chakudya chamadzulo ndi sewero la nthabwala, bwerani ndi banja lonse. Pansi pa mawuwo panali chithunzi chakalekale cha anyamata anayi. Wapakati anavala chipewa choyera cha amayi a kutchalitchi, kukamwa kuli yasa, akuseka mpaka mano a kumapeto kuonekera.

Anali Iosua, bambo ake, amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo ku Auckland, kutsidya kwa nyanja, kumene banja lawo linkakhala.

Mtsikanayo anali ndi zaka khumi ndi zisanu, koma nkhope imeneyi anali asanaionepo. Bambo amene ankawadziwa iye anali munthu wa zii. Ankalawirira ku fakitale ya nyama, kubwerako madzulo, kudya, kupemphera, kugona. Pa wailesi yakanema pakayamba zoseketsa, iwo ankanyamuka n'kukaima panja pozizira.

"Iwe, khoma langalo ulibowola ndi maso," anatero mayi wa mugolosale, akusuzumira pazenera. Kenaka anamuyang'anitsitsa. "Aa! Ndiwe wa Iosua eti? Mphumi imeneyo sagula m'sitolo."

"Ndi bambo angadi awa?"

"Nanga angakhale anga? Mnyamata ameneyo anandiseketsa ine ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi inayi, mwana n'kubadwa usiku womwewo. Sewero lake anzake akumachitabe. Lero si Lachinayi? Tenga kapepala aka. Koma azakhali ako Seutatia asakaone, wamva? Ndipo ukagwidwa, ine sundidziwa."

Fuatino anapinda kapepalako n'kukaponya m'jumbo, pakati pa shuga ndi sopo. Pofika kunyumba anali ataiwala kukachotsa.

2. Chenjezo la azakhali

Manda a Iosua anali pakhomo penipeni pa nyumba ya mlongo wake wamkulu, Seutatia, monga amaikira abale awo anthu a kumeneko. Anali oyalidwa matailosi oyera, ofoleredwa malata. Masana amenewo Seutatia anakhala m'mbali mwa mandawo akuluka mkeka. Leata, mayi ake a Fuatino, anagona chagada pamthunzi, miyendo atasanjika pa pilo.

Seutatia analandira jumbo, anatulutsa shuga, anatulutsa sopo. Kenaka dzanja lake linaima.

Leata anadzuka msangamsanga ataona chimene mlamu wake wagwira. "Zachabechabe izo alamu, za alendo. Nkhumba yake imakhala youma ngati chikopa, palusami wake, ndiwo ya masamba a koko ija, wothira madzi. Munthu ungasiye chakudya cha pano n'kukadya zimenezo? Taya uko, Tino."

"Amayi," anatero Fuatino, "bambo anali wanthabwala?"

Nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi manda inadzutsa mutu.

"Khala pansi," anatero Seutatia. "Kuno sitilankhula ndi akulu chiimirire. Zimenezo uzikachita ku Auckland."

Fuatino anakhala, napinda miyendo. Azakhali akewo anayala kapepala kaja chafufumimba pabondo, kuti nkhope isaoneke.

"Mvetsetsa, chifukwa sindidzabwerezanso. Masewero amenewa makolo athu anawatcha fale aitu, nyumba ya mizimu. Munthu akalowa m'bwalo limenelo salinso iye. Anganyoze abusa, anganyoze akuluakulu a mudzi, mawa lake palibe womuimba mlandu, pakuti amati wolankhula uja unali mzimu. Koma alipo mmodzi amene ngakhale mzimu sumukhudza. Ameneyo ndi mlongo wako. Kwathu kuno mlongo wamkazi ndi mwanadiso wa mlongo wake wamwamuna. Mwamuna sadya mlongo wake asanadye. Sanena zopusa mlongo wake ali pomwepo. Iosua ankazidziwa zonsezi, chifukwa ndinamuphunzitsa ndine.

"Tsiku lina anabwera n'kundichonderera. Akuti achemwali, lero lokha mubwere mudzaone, ndapeka chatsopano. Ndinavala bwino, ndinapita. Anandikhazika kutsogolo. Nsalu itatseguka, ndinaona mwana amene ndinamulera atavala chipewa changa cha kutchalitchi, chokupizira changa chili m'manja, akuyenda mayendedwe anga, akulankhula mawu anga. Mudzi wonse unagwa m'mipando. Azungu osamva n'chinenero chomwe ankapukuta misozi. Ndiye onse anayamba kucheuka, kuyang'ana ine.

"Ndinanyamuka sewero lili pakati. Nditafika pakhomo ndinatembenuka, ndinamuloza, ndinati: pakamwa pakopo pasadzaseketsenso munthu."

Seutatia anaika dzanja pa matailosi.

"Mawu a mlongo sagwa pansi, mwana iwe. Ali ngati mwala woponya kuseri kwa matanthwe a m'nyanja, sungakautolenso. Iosua sanaseketsenso munthu. Anakwera ndege, anakakhala chete kudziko lozizira zaka makumi awiri, anabwerera kuno ali m'bokosi. Tsono ndikukuuza, usapiteko. Kumeneko kulibe bambo ako, kuli chimene chinatilekanitsa. Ukapita ukaseka, ndipo ukaseka ndiye kuti waseka ine. Ndipo ine ndikapsa mtima sindidziwa chimene chingatuluke muno." Anagwira milomo yake. "Sindikukuopseza ayi. Woopa ndine. Pakamwa pangapa ndimapaopa."

3. Belu la mapemphero

Chakumadzulo Fuatino anawapeza mayi ake kuseri kwa khitchini akupala kokonati, koma akupala ngati munthu amene maganizo ali kwina.

"Inu munkadziwa?"

"Ndinkamva za m'maluwa. Ine bambo ako ndinakumana nawo ku Auckland ali kale a zii. Tsiku la ukwati wathu ojambula anawauza kuti tamwetulirani achimwene, si maliro ano. Anayesa. Chithunzi chake umachidziwa, amaoneka ngati dzino likuwawawa."

Onse awiri anafuna kuseka, koma sizinatheke.

"Ndiye tipite kapena tisapite?"

"Ine ndinabwera kuno kudzapuma, osati kudzafukula maliro," anatero Leata. "Komanso Lolemba tikukwera ndege, Lachinayi linalo tidzakhala tili m'majuzi. Ndani akudziwa kuti tidzabweranso liti, kapena ngati nkhalamba zimenezo zidzakhale zikuseweranso? Bambowo ndi ako, azakhaliwonso ndi ako. Sankha wekha. Ukati tipite ndikuperekeza. Titha kunena kuti tikukaona asuweni anga kutsidya kwa mlatho."

"Ayi amayi. Zonamazo ayi."

Belu la mapemphero a madzulo linalira, mudzi wonse unati zii. Magalimoto anaima, ana anathamangira m'nyumba. Banja linakhala pamikeka, Seutatia anayambitsa nyimbo ndi mawu ake okuluwika aja. Kuchokera pamene anakhala, Fuatino ankaona manda akuyera mumdima wongoyamba kumene. Malo amene bambo ake akanakhala, pafupi ndi mzati, panalibe munthu, koma aliyense ankapalambalala podutsa.

Belu lachiwiri litalira, Fuatino anakwawa ndi mawondo n'kukakhala patsogolo pa azakhali ake, mutu ataweramitsa.

"Azakhali, zonse munanena ndamva. Koma ndikupita. Sindikufuna kuzemba ngati wakuba, n'chifukwa chake ndabwera kudzakuuzani. Anthu onse a m'mudzi muno akuwadziwa bambo anga kuposa ine. Ngakhale mayi wa mugolosale."

Seutatia anamuyang'ana nthawi yaitali. Milomo yake inagwedezeka. Kenaka anaitseka ndi chikhato, zolimba, ngati munthu wotsekera galu wolusa m'nyumba, natembenukira kukhoma.

Fuatino akanakonda kukalipiridwa. Anayenda msewu wonse wa kugombe, mayi ake ali pambali.

4. Chipewa choyera

Kuhotela kunali phwando. Matebulo anayalidwa pansi pa denga lalikulu laudzu, alendo atapachika maluwa m'makutu, ana akuthamangitsana. Nkhumba yootcha pamiyala sinali youma ngakhale pang'ono, ndipo Leata anabwereza palusami kawiri, akung'ung'udza kuti mchere wachepa. Fuatino anangotola kachidutswa ka koko n'kukasiya.

Bambo wina wachikulire, wamimba yaikulu, wadazi, ankazungulira m'matebulo akuseka alendo. Ameneyu anali Vaega, mkulu wa gulu la sewero. Anauza mzungu wina wopsa ndi dzuwa kuti asayandikire kukhitchini, ophika angamuyese nkhanu yapsa kale. Anafunsa mnyamata wina wa ku Auckland ngati ndolo anavalayo mayi ake akudziwa kuti yasowa.

Atafika patebulo la Fuatino, nthabwala inamuthera pakamwa. Anagwira mpando.

"Mayo ine," ananong'ona. "Mwana iwe, usamatulukire anthu chonchi. Ndimayesa ndi Iosua, wabwera kudzatenga chipewa chija."

Sanayembekeze yankho. Anapita kuseri kwa nsalu, ndipo ng'oma italira anatulukira pabwalo nati, "Sewero ili si langa. Mwini wake akugona kumtunda uko. Ine ndimangomusungira."

Anavala chipewa choyera, chachikasu tsopano ndi ukalamba, natenga chokupizira. Basi, Vaega anasowa. Pabwalo panaima Seutatia. Khosi lomwe lija, kayendedwe komwe kaja koponya phazi lamanzere kunja, kutsokomola komwe kuja asanayambe kulankhula.

Mayi wa m'sewero uja anakalipira nkhuku chifukwa choikira dzira laling'ono. Anakalipira nkhumba chifukwa chodya mosapemphera. Anakhala m'tchalitchi n'kumakupiza mofulumira, mofulumirabe, kufikira abusa anadula ulaliki pakati. Amene ankasewera ngati mlongo wake wamng'ono anali chimnyamata chandevu, chachitali ngati mzati, chitavala kabudula wa sukulu. Mayi uja anachigwira khutu, kuchita kudumphira, n'kuchitsuka m'khosi ndi khoko la kokonati.

Fuatino analuma mlomo. Anatsina ntchafu yake. Koma mayi uja atauza chimnyamatacho kuti, "Ukalira ndikumenya, ukapanda kulira ndidziwa kuti sizinakulowe," kuseka kunamuphulika kokha, kwakukulu, kochokera m'mimba. Leata anatembenuka n'kumuyang'ana ngati wamva mlendo. Mtsikanayo anatseka pakamwa. Anali ataseka.

Kenaka nyali zinachepa. Ng'oma zinayamba kulira ngati namondwe, anyamata akugwedeza malata kuseri. Mayi uja anavula chipewa n'kuchiveka chimnyamata chija. Anawerama, nachibereka kumsana, miyendo yake ikukhukhuluzika pansi. Anthu anasekabe. Iye ankayenda m'madzi ongoyerekeza, akudzandira, akukalipira mphepo.

"Iwe mphepo, kwanu kulibe akulu? Denga limenelo anakhoma ndi malemu bambo anga, bweza!"

Atafika pothawira, anatulutsa nthochi imodzi yophika n'kupatsa mlongo wakeyo. "Idya. Ine ndadya kale, ndakhuta mpaka pano." Ng'oma inalira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Ena anaseka, koma pang'ono.

Chimnyamata chija chinafunsa ndi mawu aang'ono, "Achemwali, bwanji mumangokalipa nthawi zonse?"

Mayi uja anachigoneka pamiyendo, nadikira mpaka chitayamba mkonono. Ndiye analankhula motsitsa, osati kwa anthu, koma kwa wogonayo.

"Ndikasiya kukalipa ndiyamba kulira. Ndipo ndikalira ine, iwe udzaopa."

Nsalu inatsekeka. Panapita kanthawi anthu asanakumbuke kuomba m'manja.

Vaega anabwera patebulo thukuta lili kamukamu, nadzigwetsa pampando. Anati makolo a awiriwo anamwalira Iosua ali wamng'ono, Seutatia n'kusiya sukulu kuti amulere. Sewerolo linali zikomo wa Iosua kwa Seutatia. Anayamba ndi zoseketsa kuti mlongo wakeyo asachite manyazi ndi kuyamikiridwa pagulu. Koma Seutatia anatuluka namondwe asanayambe.

"Ndiye zaka zonsezi palibe anawauza mathero ake?" anafunsa Fuatino.

"Ndani? Ine? Mwana iwe, pakamwa ndili napo pamodzi pokha, ndipo ndimadyera pomwepo. Ndinayesa kamodzi, ndinangofika pa mpanda. Atangondiyang'ana ndinafunsa ngati akugulitsa mazira." Anaseka, koma maso ake sanaseke. "Tonse tinaopa. Mudzi wathunthu, amuna ndevu pepeya. Tinamusiya mnzathu apite."

5. Pamanda

Pobwerera anapeza nyali za m'mudzi zikadali zoyaka. Seutatia anali atakhala pamanda, manja ali pamiyendo, osaluka kanthu. Leata anaima patali. Fuatino anapita yekha n'kukhala pansi, pamiyala.

"Unaseka?"

"Ndinaseka, azakhali."

Seutatia anakoka mpweya. Fuatino anaona chifuwa chawo chikukwera, ndipo anadziwa kuti akachedwa mawu atuluka.

"Koma inu munatuluka lisanathe! Ndiloleni ndikuuzeni mathero ake, kenaka munene chimene mukufuna kunena. Ndichilandira."

Sanadikire chilolezo. Anafotokoza za namondwe, za chipewa, za kubereka, za nthochi imodzi ija. Sanadumphe kalikonse. Pomaliza ananena mawu otsiriza a sewero monga anawamvera.

Nyanja inkamveka kutali ikumenya matanthwe. Seutatia analankhula ndi mawu amene Fuatino sanawazindikire.

"Munali m'tchalitchi. Denga la nyumba litapita tinathawira m'tchalitchi. Iosua anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi." Anasisita matailosi a manda. "Ndinkayesa wagona."

Leata anayandikira, nakhala pansi nayenso.

"Pali chimene simukuchidziwa nonsenu," anapitiriza Seutatia. "Tsiku lotsatira sewero lija, kusanache, Iosua anabwera kudzapepesa mwa mwambo wathu. Anagwada apo, pamene wakhala iwepo, atadzifunditsa mkeka waulemu, uja wosalala ngati nsalu. Wopepesa akatero sadzuka, salankhula, samwa madzi, kufikira wolakwiridwa atabwera kudzamuvundukula. Akamuvundukula, mlandu watha. Ngakhale wopha munthu amamuvundukula. Ine ndinamuona pazenera. Dzuwa linatuluka, linafika pamutu. Inabwera mvula, inapita. Ndinkati aone kaye, ndituluka ndikamaliza kusesa, ndituluka ndikamaliza kuphika. Kutada ndinatuluka. Ndinapeza mkeka wokha, wopindidwa bwinobwino, atautsamiritsa mwala kuti usauluke."

Anapukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu, mwaukali, ngati nkhopeyo yamulakwira.

"Mkekawo uli m'bokosi pansi pa bedi langa. Mawa kusanache munditulutsire. Muitane Vaega ndi anzake, aitanenso aliyense amene analipo tsiku lija. Ulendo uno pansi pake padzagwada ine."

"Alamu," anatero Leata mwamantha, "nanga adzakuvundukuleni ndani? Wakufa sanyamula mkeka."

Seutatia anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana Fuatino m'maso.

"Wakufa ayi," anatero. "Koma anasiya mwana. Ndipo iwe usandimvere chisoni chifukwa cha imvizi. Ukagone, ukaganize za bambo amene ndinakulanda. Ukaona kuti sindiyenera, udzandisiye momwemo mpaka dzuwa lilowe."